Kuphunzitsa kusweka kwa nyukiliyasi ndi timatabwa, feteleza ndi chibaluni

Mutu wa nyukiliyasi ndi rediyeshoni umafika mu Fomu 4 mayeso a MANEB atayandikira, ndipo kawirikawiri umathera pa bolodi. Ana amaloweza kuti alpha imatchingidwa ndi pepala, beta ndi aluminiyamu, gamma ndi mtovu, n'kutseka kope. Chonsecho mutuwu ndi wogwirika ndi manja, ngakhale pa CDSS yopanda labu ku Jali kapena ku Mayaka. Aphunzitsi anzathu, ntchito zomwe zili pano ndi zitatu. Ziwiri zoyamba zingofuna periodic table, pepala la gilafu ndi timatabwa. Yachitatu yokha ndiyo ifuna makina a Geiger, oyezera rediyeshoni.

Kuzindikira nyukiliyasi yosakhazikika

Yambani ndi manambala atatu. Z ndi chiwerengero cha mapulotoni, N ndi cha manyutuloni, A ndi Z kuphatikiza N. Mapulotoni onse ali ndi chaji ya positive, choncho amakankhana, ndipo kukankhanako kumafika mbali zonse za nyukiliyasi. Chomwe chimawagwira ndi mphamvu ya nyukiliya, yomwe ndi yaikulu zedi koma imangokoka oyandikana okha, pa mtunda wa pafupifupi 10⁻¹⁵ m. Nyutuloni imawonjezera kukoka popanda kuwonjezera kukankha. N'chifukwa chake nyukiliyasi ikamakula imasowa manyutuloni ochuluka kuposa mapulotoni.

Musawauze ana zimenezi poyamba. Apatseni maaisotopu (maatomu odziwika ndi Z ndi A yake; a elementi imodzi amasiyana N yokha) okhazikika awa kuti agawe N ndi Z okha: carbon-12, oxygen-16 ndi calcium-40 apeza 1.00, iron-56 apeza 1.15; tin-120 apeza 1.40, lead-208 apeza 1.54. Ajambule gilafu, Z m'munsi, N cham'mbali, alembeponso mzere wowongoka wa N = Z. Aona okha kuti madontho akuyenda ndi mzerewo mpaka pa calcium, kenako n'kupatukira m'mwamba. Kanjira ka madonthowo ndiko malo okhazikika. Maaisotopu okhazikika onse alipo pafupifupi 250, ndipo kupitirira lead (mtovu), pa Z = 82, palibenso wokhazikika ndi mmodzi yemwe. Mabuku akale amati bismuth-209 ndi yokhazikika. Mu 2003 zinapezeka kuti imatulutsa alpha, kungoti half-life yake, nthawi yomwe imatenga kuti theka la manyukiliyasi lisweke, ndi zaka pafupifupi 2 × 10¹⁹.

Akapatsidwa aisotopu yachilendo, njira yachidule ndi kuyerekeza A yake ndi relative atomic mass ya elementi yomweyo pa periodic table. A ikaposa, manyutuloni achuluka, ndipo yembekezani beta minus: nyutuloni imodzi isanduka pulotoni, n'kutulutsa elekitironi ndi antineutrino. Carbon-14 isanduka nitrogen-14, cobalt-60 isanduka nickel-60, iodine-131 isanduka xenon-131. A ikachepa, manyutuloni aperewera, ndipo pulotoni ndiyo isanduka nyutuloni, mwina potulutsa positron (yofanana ndi elekitironi koma ya chaji ya positive), mwina pomeza elekitironi imodzi yapafupi. Sodium-22 isanduka neon-22, fluorine-18 isanduka oxygen-18. Kwa zolemera zopitirira lead, ganizirani za alpha poyamba: A itsika ndi 4, Z itsika ndi 2, monga uranium-238 ikamasanduka thorium-234. Gamma siyisintha A kapena Z. Ndi mphamvu yotsala yomwe nyukiliyasi yatsopano imataya. Nickel-60 yochokera ku cobalt-60 imatulutsa gamma ziwiri, ya 1.17 MeV ndi ya 1.33 MeV (MeV ndi muyeso wa mphamvu).

Apa ana amalakwa pawiri, ndipo ndi bwino kuwadikirira pomwepo. Pa beta minus amachotsa 1 pa Z poganiza kuti chilichonse chotuluka chimachepetsa, pomwe Z imakwera ndi 1. Akamalemba -1 pansi pa elekitironi n'kuwerengera mbali zonse ziwiri, vutoli limatha. Kwina amati elekitironi ya beta yachokera m'mashelo a atomu. Ayi, imapangidwa mu nyukiliyasi pa nthawi yomwe nyutuloni ikusanduka.

Lamulo lachidule lija lili ndi malire ake, ndipo ana akuthwa adzakugwirani nalo. Potassium-40 imapita mbali zonse ziwiri: 89 pa 100 imasanduka calcium-40 kudzera mu beta minus, 11 pa 100 imameza elekitironi n'kusanduka argon-40. Ili ndi mapulotoni 19 ndi manyutuloni 21, manambala onse osagawika ndi 2, ndipo nyukiliyasi imakonda kuti mapulotoni akhale awiriawiri, manyutuloninso awiriawiri. Oposa theka la maaisotopu okhazikika ali ndi Z ndi N zogawika ndi 2, pomwe odziwika omwe onse awiri ndi osagawika ndi hydrogen-2, lithium-6, boron-10 ndi nitrogen-14. Palinso manambala 2, 8, 20, 28, 50, 82 ndi 126, pomwe mashelo a m'kati mwa nyukiliyasi amadzaza. Maria Goeppert Mayer ndi Hans Jensen anawafotokoza mu 1949. Tin, ya Z = 50, ili ndi maaisotopu okhazikika 10, kuposa elementi ina iliyonse. Technetium ndi promethium, ngakhale ndi zopepuka kuposa lead, zilibe aisotopu yokhazikika.

Tsekani gawoli ndi funso limodzi. Uranium-238, yomwe ndi yochuluka kwambiri m'miyala ngati ya ku Kayelekera ku Karonga, imathera pa lead-206. Pamatuluka alpha zingati ndi beta zingati? Ayambe ndi A, popeza beta siyiikhudza: 238 kuchotsa 206 ndi 32, kugawa ndi 4, alpha 8. Alpha 8 zitsitsa Z kuchoka pa 92 kufika pa 76, ndipo kuti ifike pa 82 pafunika beta 6. Oyamba ndi Z amasokonezeka nthawi zonse.

Half-life ndi timatabwa 200

Pitani kwa kalipentala ndi thabwa la paini, alicheke timizere ta 1.5 cm mulifupi ndi 1.5 cm kuchindikala, kenako adule tizidutswa ta 1.5 cm. Timatabwa 200 timadya pafupifupi mamita 4 mukawerengera zomwe sowo imataya. Muumirire kuti mbali zonse zikhale zofanana, chifukwa kathabwa kotalikirapo kamakonda kugona chammbali ndipo mwayi sukhalanso 1 pa 6. Tikwecheni ndi sandipepa, n'kulemba chizindikiro mbali imodzi yokha ndi maka. Penti wokhuthala amamata ndipo amalemeretsa mbali imodzi. Madayisi a ludo amagwiranso ntchito ngati muli nawo ochuluka.

Ndalama zachitsulo musavutike nazo: theka limachoka pa kuponya kamodzi, ndipo mukaponya kasanu ndi kawiri zatha gilafu isanaoneke. Zitsekerero za mabotolo sizigwa mofanana mbali ziwirizo. Zimenezo si zoipa, bola muwauze ana kuti mwayi wake saudziwa ndipo aupeze okha.

Gawani kalasi m'magulu anayi, lililonse timatabwa 50 m'chitini. Akhutchumule bwino, akhuthulire pansi posalala pomwe atchinga ndi mabuku. Kathabwa kalikonse komwe chizindikiro chayang'ana kumwamba kasweka. Akachotse, awerenge totsala, alembe, abwezere m'chitini. Komwe kagwera pamwamba pa kanzake kapena kutsamira buku akaponyenso pakokha. Aponye ka 12, ndipo pa bolodi muphatikize manambala a magulu onse anayi. Mwa masamu, totsala tiyenera kuyandikira 200, 167, 139, 116, 96, 80, 67, 56, 47, 39, 32, 27, 22.

Sizidzatuluka ndendende choncho, ndipo phunziro lenileni lagona pamenepo. Pa kuponya koyamba timayembekeza kuti tichoke 33, koma kupeza 28 kapena 39 si cholakwa. Gulu limodzi palokha gilafu yake imakhala yokhotakhota; mukaphatikiza onse imasalala. Funsani mwana aloze kathabwa komwe kachoke pa kuponya kotsatira. Sangathe. Mufunseni kuti tichoka tingati, ayankha moyandikira. Ndi mmene nyukiliyasi ilili: imodzi siyilosereka, koma zikakhala mabiliyoni zimatsata masamu mosaphonya.

Pewani chitsanzo cha mango ogwa mumtengo, chomwe chimabwera msanga pakamwa. Bango limayamba lapsa kenako n'kugwa, pomwe nyukiliyasi siyipsa ndipo siyikalamba. Kathabwa komwe kapulumuka maulendo 11 kali ndi mwayi womwewo wa 1 pa 6 pa ulendo wa 12. Kutenthetsa, kuziziritsa kapena kusungunula mu asidi sikufulumizitsa kanthu.

Pa gilafu ajambule mzere wosalala wodutsa pakati pa madontho, osati wolumikiza dontho ndi dontho. Awerenge half-life malo atatu: kuchoka pa 200 kufika pa 100, pa 160 kufika pa 80, pa 100 kufika pa 50. Ponseponse apeza pafupifupi maulendo 3.8. Wina akagwiritsa ntchito T = 0.693/λ, pomwe T ndi half-life ndipo λ ndi mwayi wa kusweka, n'kuika λ = 1/6 apeza 4.2, ndiye adzafunsa kuti wolondola ndani. Fomulayo ndi ya kusweka kosalekeza, pomwe timatabwa timachoka pa ulendo pa ulendo; yankho la timatabwa limachokera pa (5/6)ⁿ = ½, lomwe limapereka 3.8.

Nthawi ikalola onjezerani ichi, chifukwa chidzathandiza pa ntchito ya chibaluni yomwe ikubwera kutsogoloku. Tengani timatabwa tina tolembedwa mbali zitatu ngati kholo. Kalikonse kakasweka, ikani m'malo mwake kolembedwa mbali imodzi, ngati mwana yemwe nayenso ndi wosakhazikika. Chiwerengero cha ana chimayamba chakwera, n'kufika pachimake, kenako n'kumatsika pang'onopang'ono.

Mukatero masamu a pa mayeso savutanso. N = N₀ × (½)ⁿ, pomwe N₀ ndi chiwerengero cha manyukiliyasi poyambira, N apa ndi otsala, ndipo n ndi nthawi yonse kugawa ndi half-life. Iodine-131, ya masiku 8, pakatha masiku 24 yatsala gawo limodzi mwa 8. Carbon-14 ndi zaka 5,730, cobalt-60 zaka 5.27, technetium-99m ya m'zipatala maola 6, uranium-238 zaka 4.47 biliyoni. Tsindikani kuti half-life yaitali ikutanthauza kusweka kwaulesi: galamu imodzi ya uranium-238 imasweka ka 12,400 pa sekondi, pomwe galamu ya radium-226, ya zaka 1,600, imasweka ka 3.7 × 10¹⁰. Kusweka kamodzi pa sekondi ndiye becquerel imodzi, dzina la Henri Becquerel yemwe anatulukira zimenezi mu 1896.

Kuyeza ndi makina a Geiger

Ngati sukulu ilibe makinawa, yambani mwafunsa ku dipatimenti ya Physics ya University of Malawi kapena ku Geological Survey, zonse zili mu Zomba momwemuno. Abwino ndi a chubu cha windo lopyapyala la mica kumapeto. Windolo musalikhudze ndi chala kapena pensulo. Likabooka chubu chatha ntchito. Machubu ambiri a m'sukulu amafuna mavolti 400 mpaka 500, koma tsatirani zolembedwa pa chubu chanucho. Timakina ta m'manja totchipa, tomwe chubu chake chili m'kati mwa pulasitiki, sitimva alpha ndipo beta timangoimva pang'ono. Tigwirabe ntchito, koma muziwerenga nthawi yaitali.

Zoyeza zonse zili m'munsimu ndi zinthu wamba. Magwero enieni otsekeredwa m'chitsulo, monga caesium-137 kapena cobalt-60, amafuna chilolezo cha Atomic Energy Regulatory Authority malinga ndi Atomic Energy Act ya 2011. Mukapeza kabokosi kakale mu sitolo ya labu kapena pa zitsulo zakutha kokhala ndi chizindikiro cha masamba atatu akuda pa chikasu, musakatsegule. Talikirani, tsekani chipinda, dziwitsani bungwelo. Ku Goiânia m'dziko la Brazil mu 1987 anthu anayi anamwalira chifukwa cha caesium-137 yomwe otola zitsulo anaphwanya.

Choyamba nthawi zonse ndi background, rediyeshoni yomwe ili kale m'chipindamo kuchokera m'makoma, m'nthaka ndi kuthambo. Ikani makina pomwe muyezere, popanda chilichonse pafupi, muwerenge kwa mphindi 10, mugawe ndi 10. Machubu ambiri amapereka makaunti 15 mpaka 40 pa mphindi; kaunti imodzi ndi kachidutswa kamodzi ka rediyeshoni komwe chubu chagwira. Mphindi imodzi siyikwanira pa chifukwa chomwe timatabwa taonetsa kale: mukawerenga makaunti N, kusinthasintha kwake ndi pafupifupi √N. Makaunti 25 amasewera ndi 5, ndiye 20 pa 100. Makaunti 250 amasewera ndi 16, ndiye 6 pa 100. Yezaninso background pomaliza.

Kwa ogulitsa zipangizo zaulimi funsani feteleza wa MOP, yemwe ndi potassium chloride. Mwa potassium yense wa m'chilengedwe, 0.0117 pa 100 ndi potassium-40, ya half-life ya zaka 1.25 biliyoni, ndipo galamu imodzi ya MOP imapereka mabecquerel pafupifupi 16. Palibe choopsa: thupi la munthu wamkulu lili ndi potassium-40 yopitirira mabecquerel 4,000. Thirani magalamu 100 m'kajumbo kopyapyala, muyale kuti achindikale 1 cm, muike windo la chubu 1 cm pamwamba pake, muwerenge mphindi 5. Kuwunjika feteleza wambiri sikuwonjezera makaunti kwenikweni, chifukwa beta yochokera pansi imathera mu feteleza momwemo. Chothandiza ndi kuyala mokulirapo ndi kuyandikiza chubu. Yerekezani ndi urea, yemwe alibe potassium ndipo ayenera kungopereka background. NPK wa 23:10:5 ali ndi potashi wochepa ka 12 poyerekeza ndi MOP, choncho musadabwe akamangoposa background pang'ono. Phulusa lopangira chidulo nalonso lili ndi potassium, koma limafuna mphindi 20 kapena kuposa kuti kusiyana kuoneke.

Zotchingira dulani ku zitini za aluminiyamu za zakumwa. Khoma la chitini ndi pafupifupi 0.1 mm. Ikani pepala la m'kope poyamba: makaunti satsika kwenikweni, kusonyeza kuti si alpha. Kenako onjezerani timapepala ta aluminiyamu tiwiritiwiri osasuntha chubu. Makaunti atsika msanga, ndipo pofika 2 mpaka 3 mm beta yonse yatha. Kotsala pamwamba pa background ndi gamma ya 1.46 MeV, yomwe chubu cha Geiger chimangogwirako pang'ono. Chomwe chimawononga ntchitoyi kawirikawiri ndi mwana wogwira chubu m'manja. Chimangeni pa sitandi kapena pa njerwa ndi labala.

Miyala yomwe imagulitsidwa m'mbali mwa msewu wokwera ku phiri la Zomba ndi yoyenera kuyesa. Feldspar ili ndi potassium, zircon imasunga uranium ndi thorium pang'ono. Smoky quartz inada chifukwa cha rediyeshoni ya miyala yoizungulira kwa zaka zochuluka, koma payokha kawirikawiri siyiposa background, zomwe zimaphunzitsa bwino kuti kuwombedwa ndi rediyeshoni sikusandutsa chinthu kukhala gwero lake.

Feteleza sangakuonetseni half-life; zaka biliyoni palibe angazidikire. Chibaluni ndicho chingathe. Uranium ya m'nthaka ndi m'njerwa imabala mpweya wa radon-222, wa half-life ya masiku 3.8, ndipo radon ikasweka mumpweya imasiya polonium-218 ya mphindi 3.1, lead-214 ya mphindi 27 ndi bismuth-214 ya mphindi 20. Tizidutswa timeneti tambiri timakhala ndi chaji ya positive, ndipo chibaluni chokhuzidwa chimakhala ndi negative.

Sankhani chipinda chapansi chomwe chagona chotseka usiku wonse, monga sitolo ya mabuku. Uzirani chibaluni mpaka 20 kapena 25 cm, muchikhuze pa tsitsi louma kapena pa juzi yaubweya kwa mphindi imodzi, mpaka chizikoka timapepala. Chipachikeni ndi ulusi wa nayiloni, theka la mita kuchokera ku khoma ndi pansi, mutseke chitseko kwa mphindi 30 mpaka 45. Mukachitenga, gwirani pakhosi pokha, muboole pafupi ndi mfundo kuti chiphwe pang'onopang'ono osaphulika. Chikafota, zonse zomwe chatola zasonkhana pa kachigamba kakang'ono. Chiyaleni pa katoni, muchimate ndi tepi m'mphepete, muike windo 1 cm pamwamba, ndipo musasunthenso kanthu. Werengani mphindi 2 pa mphindi 10 zilizonse kwa maola atatu, ana angasinthane.

Mdani wa ntchitoyi ndi chinyezi, chifukwa chimachotsa chaji. M'dzinja, kapena masiku a chiperoni a Juni ndi Julayi phiri litafunda nkhungu, chibaluni chimataya chaji msanga ndipo mupeza zochepa. Ogasiti mpaka Okutobala ndiyo nyengo yake. Chipinda cha mawindo otsegula nachonso chimakhumudwitsa, popeza mphepo imamwaza radon.

Pa nambala iliyonse chotsani background musanajambule. Taonani chomwe chimachitika mukaiwala: mwayamba ndi makaunti 425 pa mphindi, pakatha mphindi 80 mwapeza 125, background ndi 25. Mukachotsa, ndi 400 kufika pa 100, ma half-life awiri, iliyonse mphindi 40. Mukapanda kuchotsa mupeza mphindi 45, ndipo kulakwako kumakula makaunti akamayandikira background, mpaka gilafu imaoneka ngati yaima.

Musayembekeze kuti yankho lifanane ndi 27 kapena 20. Theka la ola loyamba makaunti amatsika mwaulesi, mwinanso kuima kaye, chifukwa lead-214 ikupangabe bismuth-214 yatsopano, monga timatabwa ta kholo ndi mwana tinachitira. Pambuyo pake gilafu imapereka half-life ya pakati pa mphindi 35 ndi 50, yomwe ndi ya ziwirizo pamodzi. Uzani ana alembe kuti ndi half-life ya chisakanizo. A Fomu 4 omwe aphunzira ma logarithm ajambule log ya makaunti motsatana ndi nthawi: aisotopu imodzi ikanapereka mzere wowongoka, koma apa mzere upindika koyambirira ndi kumapeto.

Chibalunicho musachitaye tsiku lomwelo. Chisiyeni pansi pa chubu, muwerenge mphindi 20 madzulo, mphindi 20 mmawa wake, ndi mphindi 20 madzulo a tsiku lachiwiri. Pakatha maola asanu lead-214 ndi bismuth-214 zimakhala zitatha, ndiye ngati makaunti akuposabe background ndipo akutsika ndi theka pa maola pafupifupi 11, chomwe mukuona ndi lead-212, ya half-life ya maola 10.6, yochokera ku thorium ya m'makoma ndi m'nthaka ya chipindacho. Kenako chimangeni m'kajumbo, mutaye ndi zinyalala zina, ndipo onse omwe anachigwira asambe m'manja ndi sopo.